Poizoni wanga wasiya kuphwanya magazi, ndalakwitsa pati?

Akuluakulu a m'malabu, ndithandizeni nzeru. Ndine wophunzira kuno ku Lilongwe ndipo ndikufufuza poizoni amene mabakiteriya a Streptococcus pyogenes amatulutsa, uja amaphwanya maselo ofiira a magazi.

Pa mbale ya blood agar (chakudya chomeretsera tizilombo chosakaniza ndi magazi) zinthu zinaoneka bwino. Kuzungulira tizilomboto panayera mbee, moti kuika mbaleyo pa nyuzipepala zilembo zimawerengeka. Pamene ndinabaya ndi waya mpaka pansi ndi pamene panayera kwambiri. Madzi a tizilomboto amene ndinatsanula nditazunguza pa centrifuge (makina olekanitsa tizilombo ndi madzi) Lachiwiri anaphwanyadi maselo, chubu chonse chinafiira psuu, ndipo ndinayeza kufiirako ndi makina a kuwala pa 540 nm. Koma Lachitatu m'mawa madzi omwewo sanachite kanthu. Maselo anangokhazikika pansi ngati kadontho, pamwamba poyera.

Ndikudziwa kuti pa mapoizoni awiri otere a tizilomboti, streptolysin O amafooka akakhudzana ndi mpweya wa okosijeni, pomwe streptolysin S safooka nawo. Chondizunguza mutu n'chakuti usiku womwewo magetsi anathima, firiji inatentha. Ndiye ndingasiyanitse bwanji kuti wamupha ndi mpweya kapena kutentha?

Palinso nkhani ya magazi. A nkhosa anatithera, tsiku lachiwirilo ndinagwiritsa a munthu, ndipo kunena zoona sindinatsuke maselo mokwanira. Kodi cholesterol kapena ma antibody a ASO (chitetezo cha thupi cholimbana ndi streptolysin O) otsalira m'magazimo angathe kutsekereza poizoniyu mpaka kufika pamenepa?

Amene munakumanapo nazo, munayamba ndi kuyesa chiyani? Ndatsala ndi milungu 3 kuti ndipereke lipoti.