CASPA yandizunguza mutu: maola a kumudzi alowa pa PCE kapena ayi?

CO_wa_Indy

Abale a zaumoyo ndithandizeni msanga, Ogasiti 1 wayandikira ndipo mutu sukugwira. Ndikufunsira malo kusukulu ya PA (physician assistant, wopima odwala mogwirizana ndi dokotala) chaka chino kudzera pa CASPA, fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'sukulu zimenezi, ndipo tsikulo ndi deadline. Kumudzi ndinali clinical officer, diploma ya zaka zitatu, internship, kenako zaka zisanu ndi ziwiri pachipatala cha boma. Wodi ya amayi, ya ana, kolo ya usiku, ku fiyeta, zonse. Ndinabwera kuno ku America ndi DV (lotale ya green card) mu 2018 ndipo chibwerereni ndi u CNA (wothandizira anesi) basi, nursing home, mashifiti a usiku. Bachelor's ndinamalizira konkuno pa intaneti, health sciences.

Maola a kumudzi ndikawerengetsa akukwana 14,000. Ndawaika pa PCE, gawo la maola osamalira odwala mwachindunji. Ndaimbira sukulu ziwiri, ina akuti a kunja timawerenga bola pakhale wotsimikizira, ina akuti ayi, a ku America okha komanso a zaka zisanu zapitazi. Ndiye ine amene ndachita siza yosawerengeka ndizipikisana ndi mwana wa zaka 22 pa maola osintha matewera? Chachiwiri, A&P (anatomy ndi physiology) ndi micro (microbiology) ndinachitira ku koleji kumudzi, kuno ndangowonjezera chemistry ndi statistics. Chachitatu transcript ya kumudziko siinatuluke mpaka lero, foni ya ku registry imangoitana. Ndidinde submit momwemu kapena bwanji? Musandiuze kuti ndipemphere, ndikupemphera kale.

Nabanda_RN

Achimwene, ine ndinena zomwe ndimanena nthawi zonse. Za PA zisiyeni, lowani unamwino. Bachelor's muli nayo kale, ABSN (digiri yachangu ya unamwino) ndi miyezi 12 mpaka 18, mwalemba NCLEX (mayeso a layisensi ya unamwino), mwayamba kulandira ya RN, nesi wovomerezeka. NP (nurse practitioner, nesi wopima odwala ndi kulemba mankhwala) mudzachita pang'onopang'ono mukugwira ntchito. Sukulu ya PA ndi miyezi 27 osagwira ntchito olo tsiku limodzi. Kumudzi azidya chiyani nthawi yonseyo?

PA_S2_Ohio

Akulu, ine ndili chaka chachiwiri, ndili pa ma rotation pano. Musadinde kaye.

Za maola: CASPA siisankha kuti maola awa ndi abwino kapena ayi. Iyo imangolandira zomwe mwalemba, wosankha ndi sukulu iliyonse payokha. Choncho sukulu ziwiri zija zonse zanena zoona, iliyonse za kwawo. U clinical officer ndi PCE weniweni, munkaona wodwala, kupeza matenda, kulemba mankhwala, palibe wokana. Ulembeni pa PCE. U CNA nawonso ulembeni padera, ndipo musaunyoze chifukwa ndi umene ukupulumutseni kusukulu zofuna maola a kuno komanso aposachedwa. Duke imafuna maola 1,000, MEDEX ya ku Seattle 2,000, zina 500 zokha. Kuyambira 2018 mpaka pano mwadutsa kale zonsezo ndi u CNA wokhawo. Bokosi lofotokozera ntchito ndi la zilembo 600, musalembe "ndinkasamalira okalamba". Lembani ma vitals, kuyeza shuga, kutembenuza odwala kupewa zilonda, kuuza nesi wodwala akasintha. Mukatumiza simungakonzenso zomwe munalemba kale, mumangowonjezera zatsopano.

Koma vuto lanu lenileni si maola. Ndi A&P ndi micro zija. Maphunziro a kunja CASPA siiwawerengera mu GPA, ndipo transcript ya kumudzi simutumiza kwa iwo, imapita kwa owunika ngati WES, course-by-course, iwowo ndiwo amatumiza lipoti. Ngakhale lipoti libwere bwino, sukulu zambiri zimafuna ma prerequisite (makosi oyenera kuchita musanalowe) ochitira kuno pa koleji yovomerezeka, a labu yake, ndipo zambiri zimati asapitirire zaka 5, 7 kapena 10. Anu ndi a liti, 2008? Pamenepo fomu imagwa munthu asanawerenge ndi dzina lanu lomwe.

Bambo_a_Tamanda

Aise nkhani yako yandikumbutsa kutali. Ine nanenso CO, pano ndi surgical tech ku Texas. Usiku wina kumudzi magetsi anathima mwana atangotuluka, jenereta ilibe dizilo, mayi akutaya magazi chiberekero chakana kukhwima. Wa anaesthesia anandiunikira ndi foni, nesi wina ndi tochi ya mlonda, oxytocin tinakatenga ku labour ward wina akuthamanga mumdima. Mayi uja anatuluka wamoyo, patapita sabata anabwera ndi nkhuku. Lero ndimaima pambali ndikupatsira resident forceps, akundifotokozera mmene amagwirira needle holder, ine ndikungoti yes doctor. Zimawawa koma ukazionetsa pankhope watha. Mnzanga wina anakafika mpaka pa interview, atafunsidwa chifukwa chake akufuna u PA anayankha kuti kwathu ndinali dokotala kale, ndikungofuna pepala. Sanamuitanenso. Iwo amafuna munthu woti aphunzitsika ndiponso wodziwa kuti PA amagwira ntchito limodzi ndi dokotala. Nkhani za ku fiyeta uzinene, koma uzinene modzichepetsa.

CO_wa_Indy

A&P ndi ya 2007 akulu. Ndiye mukuti ndikakhalenso m'kalasi kuphunzira mafupa a dzanja? Ine ndaika POP anthu ochuluka kuposa amene mphunzitsiyo anawaonapo. Komanso semesita ziwiri zimenezo, ndiye kuti chaka chino chapita.

PA_S2_Ohio

Eya, ndikutero. A&P I ndi II, micro ya labu, ndipo onani ngati sukulu zomwe mukufuna zikufunanso biochem, genetics, psychology kapena medical terminology. Ku community college ndi kotchipa, ndipo inuyo mukakhoza ma A osatuluka thukuta, science GPA ikwera. Labu ya pa intaneti musayambe musanafunse, sukulu zina zinkailandira nthawi ya Covid yokha. Zilipo zololeza kufunsira malo kosi imodzi kapena awiri asanathe, koma atatu akuluakulu onse kulibe ndi zovuta.

Za Ogasiti 1 onaninso mtundu wa deadline. Ya blue ndi kungotumiza, ya orange ndi kuti zonse zafika, ya green ndi kuti fomu yatsimikizidwa kale, ndipo kutsimikizako kumatha kutenga masabata angapo. Ngati yanu ndi green mwachedwa kale. Komanso sukulu zambiri ndi rolling (zimasankha anthu mafomu akamafika), CASPA imatsegula kumapeto kwa Epulo, anthu anatumiza Meyi ndi Juni ndipo ena akuitanidwa kale ku ma interview.

Nabanda_RN

Mwaona? Chaka china chapita. Mukanayamba ABSN Januware bwenzi pofika nthawi yomwe mukuyembekezera yankho la interview muli pafupi kulemba NCLEX. Ine ndinabwera kuno ndili nurse midwife technician, ndinameza malovu n'kuyambiranso, lero nyumba ku Area 49 inatha. NP m'ma state opitirira theka amagwira ntchito payekha opanda dokotala pamwamba pake. PA m'ma state ambiri mpaka kupuma ntchito akhala akusainitsa kwa dokotala.

Mwana_wa_Chipata

Amayi Nabanda, ABSN nayonso ifuna A&P ndi micro za kuno, ndiye pamenepo palibe chomwe athawa. Ine ndine CO wa ku Zambia, ndinaphunzira ku Chainama, ndipo ndikuuzeni u PA ndi umene uli pafupi ndi zomwe tinaphunzira ife. History, examination, differential, management, basi. Ngakhale chiyambi chake ndi chofanana, Dr Eugene Stead ku Duke mu 1965 anatenga anyamata anayi omwe anali azachipatala ku Navy chifukwa madokotala anali ochepa. PA atha kuchoka ku emergency kupita ku ortho kapena kukathandizira opareshoni osabwerera kusukulu. Munthu wokonda fiyeta ngati achimwenewa mukamuika pa FNP (NP wa kiliniki ya mabanja) mwamupha.

Chenjezo langa ndi pa makalata. CASPA ilola mpaka asanu, sukulu zambiri zifuna atatu ndipo zina zifuna imodzi ichokere kwa PA kapena dokotala amene anakuonani mukugwira ntchito. Wolemba amalandira link pa imelo, alowe yekha, ayankhe mafunso, akweze kalata. Bwana wanga wakale kumudzi link inagwera mu spam, titaipeza netiweki inkaduka akukweza, anakamalizira pa kompyuta ya mwana wake mtauni. Musadalire kalata ya kumudzi yokha. Ndipo makalata sapitirira chaka china, mukafunsiranso mukawavutitsanso anthu omwewo. Musawatopetse chaka chomwe mukudziwa kuti simulowa.

Sisi_wa_ku_Lab

Pa GPA samalaninso. CASPA imawerengera kosi iliyonse yomwe munalembetsapo kuno, ngakhale ija munalephera n'kubwereza. Koleji yanu itha kufufuta F, iwo safufuta, onse awiri amalowa. Amene munayamba sukulu mutangofika kuno uku mukugwira madabulo mukudziwa ma transcript amenewo mmene amaonekera. Ndipo musabise koleji iliyonse, olo munangochitako kosi imodzi ya Chingerezi. Zikadziwika ndi mlandu wa chinyengo, osati kungobwezedwa fomu.

Maolanso musakokomeze. 14,000 pa zaka zisanu ndi ziwiri zikumveka, ndi maola 40 pa sabata. Ena amawonjezera kolo yonse mpaka kufika maola 90 pa sabata chaka chonse opanda tchuthi, wowerenga amangoseka. Ola limodzi lisalowe pawiri, PCE ndi leadership.

Che_Ajusa_EMT

Ine funso langa ndi lina pang'ono pepani. Maola a live-in, kugona pakhomo pa agogo, amawerenga? Mlamu wanga ali nawo ambiri.

PA_S2_Ohio

Zimatengera sukulu ndi ntchito yomwe ankagwira. Ngati ndi kuphika, kuchapa ndi kucheza nawo, zambiri zimaika pa HCE (maola a zaumoyo osakhala osamalira odwala mwachindunji) kapena kukana kumene. Kusamalira m'bale wako ambiri sawerenga. Za pansi pa tebulo zopanda payslip asaziyerekeze n'komwe, adzatsimikizira ndani? Auzeni apeze ya EMT ngati inuyo, kapena medical assistant, kapena patient care tech m'chipatala.

Bambo_a_Tamanda

Ndipo chenjerani ndi anyamata a pa WhatsApp oti tikulemberani personal statement pa $400. Ndinaona ya mtsikana wina, inayamba ndi dzuwa likutuluka mu Africa ndi ana opanda nsapato, mwini wake anakulira ku Namiwawa. Zilembo ndi 5,000 zokha kuphatikizapo mipata. Lemba wekha, wodwala mmodzi, zomwe unachita, chifukwa chake PA osati nesi kapena dokotala, wina akukonzere Chingerezi basi. Pa interview adzakufunsa zomwe zili mmenemo.

Shadowing unachitako? Ife timaganiza kuti poti tinali ma CO tikuidziwa ntchito. Iwo amafuna uone PA wa kuno ndi maso ako, mmene amalimbanirana ndi inshuwalansi ndi ma chart. Ku nursing home kwanuko kumabwera PA kapena NP kudzaona odwala, mugwire ameneyo pa corridor.

CO_wa_Indy

Amabwera ndi NP. PA sindinamuonepo. GPA ili 3.4, science 3.2. Ndinali nditasankha sukulu 12, bwanji ndingotumiza zonse mwina imodzi igwira?

Sisi_wa_ku_Lab

Yoyamba ndi madola 180 ndi kanthu, iliyonse yowonjezera pafupifupi 60. Sukulu 12 mwadutsa $800, musanalipire ma supplemental (mafomu owonjezera a sukulu iliyonse), mayeso a GRE kapena PA-CAT komwe akufuna, Casper, TOEFL komwe sakukhululukirani. Kutumiza fomu yopanda ma prerequisite ndi kuthira madzi m'dengu. Lemberani imelo sukulu iliyonse mafunso atatu omwewo, maola a kunja, makosi a kunja, zaka zake, ayankhe polemba. Za pafoni amene wayankha lero mawa kulibe.

Onaninso pa ARC-PA, bungwe lovomereza sukulu za PA, kuti sukuluyo ili pati. Provisional ndi yatsopano chabe, omaliza amalemba PANCE (mayeso a setifiketi ya u PA) bwinobwino. Probation ndiye werengani chifukwa chake. Sukulu iliyonse imayenera kuika poyera mmene ana ake akhozera PANCE ndi angati anasiyira panjira. Zimenezo muzione musanaone zithunzi za kampasi.

Nabanda_RN

Nanga ndalama za sukuluyo mwaziganizira? Palibe amene watchula. Lamulo lija pulezidenti anasaina pa 4 Julayi 2025 likuthetsa Grad PLUS, ngongole ya boma ya ophunzira, kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026. Imeneyo ndi yomwe anthu ankalipirira lendi ndi chakudya ali ku sukulu ya PA. Ikachoka, ya boma yotsalayo ili ndi malire, zoperewera ndi ngongole ya kubanki, cosigner mumupeza kuti, m'gulu lino tonse ngongole zili m'khosi. Scholarship ya boma ya NHSC imafuna nzika, green card siikwanira. Unamwino chipatala chimakulipirirako fizi ukugwira ntchito. Ine ndanena, mudzandikumbuka.

Mwana_wa_Chipata

Amayi mwanena katatu tamva. Pa ndalama mukunena zoona, koma munthu wafunsa za CASPA.

Nabanda_RN

Wafunsa za moyo wake. CASPA ndi fomu chabe.

Mai_a_Chiso

Za transcript ija, foni siithandiza achimwene. Tumani m'bale wanu apite yekha ku registry ndi lisiti ya kubanki ndi fomu ya owunikayo yosindikiza kale, akhale pabenchi mpaka asainidwe. Koma asatenge envulopu kuitsegula kapena kukutumizirani inuyo, owunika amafuna ichoke kusukulu kupita kwa iwo, yomata ndi chidindo pomatirapo. Dzina lionekenso chimodzimodzi ndi la papasipoti, ambiri pa MSCE tinalemba dzina lina pa diploma lina. Ine ndikupita kumudzi pa 9 Ogasiti, ngati koleji yanu ili ku Lilongwe nditha kukayendera.

Che_Ajusa_EMT

Mayi a Chiso mukudzera pa Addis kapena Johannesburg? Ndili ndi makina a BP ndi ma strips a shuga a madala, sizikwana 2kg.

Mai_a_Chiso

Addis. Masutikesi adzadza kale bambo, ndilembereni ku inbox tione.