Madzi a pampopi akutuluka ngati thobwa, mwana watsegula m'mimba, ndipange bwanji?

Make Tadala:
Abale a pagulu pano ndithandizeni chonde mutu wanga waima. Ine ndimakhala pa boma pena pake, sinditchula dzina poti azibale ake a landilodi wanga ali mu gulu lomwe lino ndipo ndi anthu okonda kutumizirana zinthu. Nkhani ndi ya madzi. Kuyambira sabata yatha madzi a pampopi akumatuluka ofiira ngati thobwa la mawere, ukawasiya mu ndowa usiku kukacha pansi pamakhala tinthu takudakuda, ndiye kafungo kakenso sindikukamvetsa. Mwana wanga wa chaka ndi miyezi inayi watsegula m'mimba kuyambira dzana, dzulo lokha ndasintha matewera kasanu. Bambo ake ali ku Joni, ndikawaimbira amangoti "wiritsa madziwo" ngati makala timatola pansi, pomwe ndalama anatumiza komaliza nthawi yokolola. Apongozi akuti ndi mano chabe mwana akumera mano. Komanso landilodi wakweza lendi mwezi uno pomwe chitseko cha kubafa chinathyoka chaka chatha mpaka lero timatchinga ndi chitenje, bilu ya madzi timagawana mabanja anayi koma mayi wa nyumba yakumapeto amachapa mabulangete a anthu pa ganyu ndi madzi omwewo ife n'kumalipira mofanana, ukalankhula akuti ndiwe wamwano. Malaya oyera akusukulu a mwana wamkulu asanduka khaki. Ndiye funso langa, madzi amenewa tingamwe kapena nditani?

Mfumu Yopanda Mudzi:
MADZI A PAMPOPI NDI POIZONI ndakhala ndikunena pagulu pano koma simumva. Ife tinakula tikumwa madzi a pachitsime, ng'ombe zikumwa mbali iyi ife mbali iyi, mpaka lero ndilibe khadi la kuchipatala. Inu ndi klorini wanuyo ndi amene mukudwaladwala. Mayi pitani pa mjigo basi nkhani yatha.

Nambewe wa ku Dedza:
Pepani asisi. Koma za mayi wochapa mabulangeteyo zandikhudza, ine ndinasamuka pa nyumba ina chifukwa cha zomwezi, munthu amaphika kachasu ndi madzi a bilu yogawana. Uzani landilodi aliyense akhale ndi mita yake.

Fundi wa Mipope:
Mayi funso limodzi, anzanu a nyumba zoyandikana nanu, kunja kwa poloti yanuyo, nawonso madzi akutuluka ofiira? Ndipo mukatsegula mpopi n'kuusiya kwa mphindi zingapo amayera kapena amangokhala choncho?

Chimwene Wapajoni:
Kkkkk bambo a mwanayo musawaweruze, kuno zinthu zavuta si masewera, ena tikugona anayi mu shaki imodzi. Ndalama ibwera, khalani chete.

Nambewe wa ku Dedza:
Chimwene Wapajoni ndinu nomwe bambo akewo eti? Tumizani ndalama ya makala musatisokose.

Anti Nasibeko:
Mayi siyani kaye zonsezi, mwanayo ndiye woyamba. Mano sachititsa mwana kutsegula kasanu pa tsiku, apongozi awuzeni mwaulemu koma musawamvere. Mupatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono ndi supuni nthawi iliyonse akachita chimbudzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa oziziritsa. Ngati mulibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ngati akuyamwa musasiye kumuyamwitsa. Kuchipatala akakupatsaninso mankhwala a zinki. Mukaona maso alowa, sakukodza, akukana kumwa, akungogona, kapena chimbudzi chili ndi magazi kapena chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche, thamangani.

Mfumu Yopanda Mudzi:
Ndi zimenezo, chilichonse kuchipatala kuchipatala. Agogo athu ankadziwa ORS? Masamba a gwafa kuwiritsa mwana kumwa mawa akusewera.

Anti Nasibeko:
Bambo inu agogo athu ankabereka ana khumi n'kutsala ndi asanu, pitani kumanda a kwanu mukawerenge timitumbira tating'ono. Mwaiwala kale kolera inayamba ku Machinga mu March 2022 ija? Inapha anthu opitirira 1,700 dziko lino, masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira mu January 2023 chifukwa cha iyo. Masamba a gwafa analipo nthawi imeneyo.

Mfumu Yopanda Mudzi:
Kolera imeneyo inabwera ndi mipope yomweyo! Ine ndikunena zomwe ndikudziwa. Mzimayi uyu akulipira bilu mwezi ndi mwezi kuti amwe matope, inu mukumuuza agulenso mankhwala, agulenso makala. Amalawi tinalodzedwa ndi ndani? Kungolandira chilichonse osafunsa. Ine kwanga ndinadula mpopi kalekale, ana anga amatunga pa mjigo ndipo ndi onenepa bwinobwino.

Mnyamata wa ku Chikwawa:
Madala mjigo si onse. Bwerani kwathu kuno mudzalawe, mijigo ina madzi ake ndi amchere moti sopo sachita thovu, nyemba ukaphika sizipsa. Kwina ana mano ndi ofiira chifukwa cha madzi a pansi omwewo, ndipo zimenezo ngakhale muwiritse sizichoka. Komanso mjigo ukakhala pafupi ndi zimbudzi nthawi ya mvula mukumwa zomwezo.

Mfumu Yopanda Mudzi:
Iwe ndiwe mwana, ndinayamba kumwa madzi usanabadwe.

Mnyamata wa ku Chikwawa:
Kkkkk ndiye ndi digiri imeneyo?

Make Tadala:
Zikomo nonse. Anti Nasibeko ORS ndamupatsa, ndinagula pa golosale, akumwa koma movutikira. A Chimwene Wapajoni simukuwadziwa bambo akewa, pa Facebook akumaika zithunzi atavala nsapato zatsopano. Ndiye mjigo uli kutali, kudutsa msika, ndipo pamakhala mzere kuyambira 4 koloko m'mawa, ine ndi mwana kumbuyo sindingathe. Mtsikana amene ankandithandiza anathawa mwezi watha ndi mbale zanga ziwiri.

Fundi wa Mipope:
Mayi simunandiyankhebe za anzanu oyandikana nawo. Ndikufunsa chifukwa zinthu zake ndi zosiyana. Madzi akakhala oyera ngati mkaka, thirani mu tambula muone, akayamba kuyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba ndi mpweya chabe, alibe vuto. Akakhala ofiira madzi atangobwera kumene pambuyo posowa, nthawi zambiri ndi dzimbiri ndi matope a m'mapaipi, makamaka mapaipi akale achitsulo aja, mumangotsegula mpaka ayere, oyambawo n'kuthirira maluwa kapena kukolopera. Koma choopsa ndi ichi, madzi akasiya, kaya magetsi athima mapampu aima, mu paipi mumakhala mopanda kanthu ndiye paliponse pamene yang'ambika imakoka madzi akuda a panja. Ine ndinakumbapo paipi pa nyumba ina yodutsa m'mphepete mwenimweni mwa dzenje la chimbudzi, yomangidwa ndi mphira wa njinga. Banja lonse linkangoti tili ndi malungo.

Gogo Nachisale:
Mwananga pemphera. Madzi kusanduka ofiira zinalembedwa, ndi masiku otsiriza ano. Komanso landilodi wakoyo umuonetsetse, anthu ena amakwirira zinthu pa poloti kuti alendi asamalemere.

Sisi Madalo Bizinesi:
Ndili ndi mafyuluta a madzi ochokera kunja, original, amachotsa chilichonse, ndilembereni ku inbox. Ndimatumiza dera lililonse. Ndilinso ndi zitenje ndi mafuta oyeretsa khungu.

Nambewe wa ku Dedza:
Admin, uyu wayambanso.

Aphunzitsi Opuma:
Ine ndingowonjezera pa nkhani ya makala. Kuwiritsa sikutanthauza kuti madzi akhale pa mbaula ola lonse ayi. Akabwata bwinobwino, siyani abwate mphindi imodzi, phulani, vindikirani. Mukamaliza kuphika nsima moto wotsala uja ndi wokwana. Koma madzi a matope ayambe akhazikika kaye mu ndowa, mutsanulire a pamwamba mu ndowa ina kudzera pa nsalu yoyera yopinda kangapo. Kapena gulani WaterGuard, kachivindikiro kamodzi mu bigiri ya malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Madzi akakhala akuda amati tiwiri, koma werengani pabotolopo. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu nthawi zina amagawa klorini wosungunula kale, afunseni. Ndipo chimene ambiri timalakwitsa ndi chosungira, madzi mwawiritsa bwino koma aliyense akuviika kapu ndi dzanja lomwe mu ndowa.

Mfumu Yopanda Mudzi:
Aphunzitsi ndimakulemekezani koma klorini ameneyo ndi yemwe amachapira zovala, mukufuna mwana amwe jiki? Anthu impso zikutha ndi zimenezi. Ine ndanena, MJIGO. Amene akutsutsa ali pa ntchito ku ofesi ya madzi, tikukudziwani, mumabwera pagulu pano kudzateteza mabwana anu. Bilu ikachedwa tsiku limodzi mumabwera ndi sipanala kudzadula, koma paipi ikaphulika mumsewu madzi amatayika sabata yonse osaoneka.

Aphunzitsi Opuma:
Ine ndinaphunzitsa Standard 8 zaka zambiri, ku madzi sindinagwireko. Mchere umene mumathira m'ndiwo mutadya kilo yonse mungafenso, nkhani ndi muyezo. Koma pa za paipi zotayikira mumsewu pokhapo ndikugwirizana nanu.

Mfumu Yopanda Mudzi:
Mwaona, ngakhale aphunzitsi avomera kuti ndikunena zoona.

Bambo a Yamikani:
Ife kwathu zinachitikapo, tinatunga madzi mu botolo tonse a mu layini tinapita nawo ku ofesi ya madzi tinakawaika pa tebulo n'kunena kuti imwani tione. Tsiku lachitatu anabwera kudzatsuka mapaipi. Mukapita nokha amangoti tamva. Tengani nambala ya akaunti yanu ndipo lembani dzina la amene mwamupezayo.

Fundi wa Mipope:
Make Tadala kachitatu tsopano. ANZANU A KUNJA KWA POLOTI madzi awo ali bwanji?

Make Tadala:
Pepani a Fundi mauthenga achuluka. Ayi a mpanda winawo madzi awo ndi oyera, dzulo ndinakapemphako ndowa imodzi koma mayi wake anandiyang'ana moipa ndiye sindibwererako. Kwathu kuno madzi amayamba alowa mu thanki ya landilodi ili pamwamba kuseri kwa nyumba, anaika chifukwa madzi amasowasowa. Chivindikiro chake chinauluka ndi mphepo ija ya mwezi watha, ana akusewerera ngati galimoto. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Fundi wa Mipope:
Mayi inu!!! Ndiye mumatiuza za chitseko cha kubafa ndi mbale ziwiri? Thanki yosavindikira mumagwa fumbi, masamba, zitosi za mbalame, abuluzi, ine ndinatulutsamo khoswe wofufuma pa nyumba ina. Kafungo mukunenako ndi kameneko. Lero lomwe musamwe, musatsukire mbale za mwana. Wina akwere aone, thanki ikhuthulidwe yonse, ikwechedwe mkati, itsukidwe ndi klorini ndipo chivindikiro chibwerere amange ndi waya. Onaninso ngati pali mpopi pafupi ndi mita umene sudzera mu thanki, tungani pamenepo.

Anti Nasibeko:
Ndipo mwanayo mawa m'mawa kuchipatala, lero ndi tsiku lachitatu, mukawauze za thankiyo. Mabanja ena atatuwo auzeninso, ngakhale wa mabulangeteyo.

Mfumu Yopanda Mudzi:
Ndimanena ine. Pa mjigo mulibe thanki.

Mnyamata wa ku Chikwawa:
Madala mwatukwana a ku madzi tsiku lonse pomwe vuto ndi buluzi kkkkk

Mfumu Yopanda Mudzi:
Madzi akanati asamasowe landilodi akanaika thanki? Ganiza mwana iwe.

Nachi Wa Swagi:
Iiii koma thanki yobiriwira yopanda chivindikiro kuseri kwa nyumba, mabanja anayi, bambo ali ku Joni... Make Tadala ndinu a pa poloti ya amalume anga eti? Ndiye lendi ya mwezi watha munamaliza?

Make Tadala:
Admin chonde fufutani positi iyi.