Dzanja limauma mwini ngolo akaima pambali

Mmisiri wachinyamata, ku Dyeratu:
Akuluakulu anga, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere. Ndatha zaka 3 ndikuwotcherera, ndipo ndikakhala ndekha pashedi n'kumayeserera pa zidutswa, mzere umatuluka wosalala moti nkhanambo yapamwamba imadzisenda yokha ikamazizira. Koma sabata yatha mlimi wina anabweretsa ngolo yomwe inathyoka pafupi ndi ekiselo, ndipo atangoima pambali panga n'kumayang'anitsitsa, ndinayamba kudziwerengera chilichonse, kuyambira kupendekeka kwa rodi (kandodo kowotcherera) mpaka liwiro la dzanja. Rodi inamatirira katatu, mzere unatuluka wamabowomabowo, ndipo ndinachita kuupala ndi galayinda n'kuyambiranso. Mayeso anga a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ayandikira. Kodi nditani kuti ndizidzigwira bwino pamaso pa anthu?

Bambo wamkulu pa ntchitoyi, ku Ngabu:
Mwana wanga, mukufunsa mmene mungadzigwirire kwambiri, pamene kudzigwirako ndi komwe kunakuwonongerani ntchito tsiku limenelo. Taganizirani munthu amene wamanga thumba la thonje panjinga kuchokera ku Miseu Folo. Akafika pamchenga samawerenga kuti phazi ili lipalase motere, chiwongolero chikhotere uku, ayi. Thupi lake limadziwa lokha, ndipo akangoyamba kulilamula, njinga imamira n'kumugwetsa. Dzanja lanu linaphunzira kale pa zaka zitatuzo. Mutu ukayamba kulilangiza, umafika mochedwa, chifukwa pamene mukuganiza kuti rodi yatalikira, rodiyo yafupika kale ndi kupsa, ndiye mumakankha mwadzidzidzi n'kuimatiritsa. Ine ndikaphimba nkhope ndimamvera khutu. Moto ukakhala bwino umalira mosadukiza ngati mlamba ukukazingidwa pachiwaya, ndipo ukayamba kuthetheka mwaphokoso dzanja limatsika lokha ndisanaganize kanthu.

Mayi wowotcherera, ku Nchalo:
Ndikugwirizana ndi bambo, koma achimwene musamve ngati akunena kuti mutu ulibe ntchito. Ntchito ya mutu imachitika moto usanayake. Rodi ya mamilimita 2.5 imafuna ma amp (muyeso wa mphamvu ya moto pa makina) a pakati pa 70 ndi 90, ya 3.2 imafuna opitirira 100 pang'ono, ndipo ndikukayikira kuti pa ngolo ija munasiya makina pomwe munawotcherera geti yopyapyala, pamene chitsulo chokhuthala chimameza kutentha. Palani dzimbiri ndi penti mpaka chitsulo chiwale, chopanira cha waya wa makina chigwire pamalo oyera, rodi ikhale youma, ndipo chigongono chanu chitsamire penapake. Zikatha izi, maso akhale pa kadziwe ka chitsulo chosungunuka kumbuyo kwa moto basi. Ndiwonjezere kuti kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, thukuta limalowa m'maso mkati mwa chigoba chophimba nkhope, ndipo munthu waludzu dzanja lake limanjenjemera ngakhale palibe womuyang'ana. Ntchito yovuta ndimaigwira mmamawa.

Mmisiri wa ku Bangula:
Pepani akuluakulu, ine ndili ndi mantha pang'ono ndi uphungu umenewu. Dzanja limasunga zabwino ndi zoipa zomwe. Ndinakhalapo ndi mnyamata amene ankawotcherera mizere yokongola kwambiri, osaganiza n'komwe, koma chitsulo sichinkalowerera mkati, ndipo ngolo ina yomwe anakonza inamasuka itanyamula matumba a mapira. Mwayi wake ng'ombe sizinavulale. Musanalikhulupirire dzanjalo, liyeseni: lumikizani zidutswa ziwiri, muzipane pa vayisi, muzimenye ndi hamala mpaka zipindike. Ngati chapindika ndi chitsulo, mzere osang'ambika, pamenepo mukhoza kulisiya lidziyendetsa.

Bambo wa ku Ngabu:
Mwanena zoona achimwene, ndipo hamalayo ndi imene idzamuchotsere mnyamatayu mantha, chifukwa adzakhala ataona ndi maso ake kuti dzanja lake silinama. Koma mantha a anthu amatha ndi anthu omwe. Mwana wanga, itanani anzanu a kabaza aime pambali tsiku lililonse pamene mukuyeserera, azikuyankhulani ndi kukusekani, kufikira mutazolowera.

Mmisiri wachinyamata, ku Dyeratu:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi munalondola, makina anali pa 80 pamene rodi inali ya 3.2. Dzulo ndinaitana anyamata atatu a kabaza, ndinakweza moto kufika pa 110, ndipo pa zidutswa 5 zomwe ndinamenya ndi hamala, chimodzi chokha ndi chomwe chinang'ambika, chomwe ndinawotcherera koyamba ndikadali kumvera zimene ankanena. Chomwe chikundivutabe ndi kuwotcherera chokwera m'mwamba, chifukwa chitsulo chikuyenderera pansi. Bambo a ku Ngabu, ngati mulipo Loweruka ndikwera minibasi ndibwere ndi zidutswazo mudzazione.