Mchemwali wanga akumuganizira matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, alole kutapidwa madzi a mumsana?

Wofunsa (wabisa dzina):
Abale, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga wa zaka 29 amagwira ntchito ku Johannesburg. Chaka chatha diso lake lakumanzere linayamba kuona mwachimbuuzi, n'kumapweteka akalitembenuza, kenako zinatha zokha. Panopa miyendo yachita dzanzi, akaweramitsa khosi amamva ngati magetsi akutsika ndi msana, ndipo akasamba madzi otentha zimanyanya. Atamujambula ndi MRI adokotala akuti mwina ndi multiple sclerosis, akufuna kumutapa madzi a mumsana. Mayi akukanitsitsa, akuti jekeseni ameneyo amapuwalitsa, mwana abwere kumudzi, ndi zaanthu izi. Alole kodi? Nanga amachizika?

Namwino:
Alole, achimwene. Singano imalowa m'munsi m'chiuno, pomwe chingwe cha msana chatha kale. Chofala pambuyo pake ndi mutu basi. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimalusira chikuta cha mitsempha chotchedwa myelin, uthenga n'kumayenda modukizadukiza. Amakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, makamaka kwa amayi. Mankhwala othetseratu kulibe. Akabuka amapereka methylprednisolone m'dripi masiku 3 mpaka 5, ndiye pali ena monga interferon beta ndi ocrelizumab ochepetsa kubwererabwerera.

Koma afunse ngati amuyeza magazi a aquaporin-4. Kuyezaku kumathandiza kuzindikira matenda ena ofanana nawo, neuromyelitis optica, omwe amagwira ife anthu akuda kuposa azungu. Amakantha maso ndi msana mwamphamvu, ena amayamba ndi ntchikwi ndi kusanza kosalekeza. Interferon amawonjezera amenewa, n'chifukwa chake kusiyanitsa n'kofunika. Awauzenso ngati ankasamba kunyanja, poti likodzo limafika mumsana. HIV, chindoko, TB ndi kuchepa kwa vitamini B12 aziyezenso.

Mayi wina wa ku Manchester:
Ine ndili nawo, ndipo ntchito ndikugwira. Dripi ya ocrelizumab ndimalandira miyezi 6 iliyonse. Chondisautsa ndi kutopa, komwe anthu amakuona ngati ulesi. Musamuitanitse kumudzi asanamalize zoyezazi, chonde. Mayi muwalankhule mwaulemu, akuchita mantha chabe.

Membala wina:
Tikumuika m'mapemphero, koma kuchipatala asasiye.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Tinakulira ku Mangochi, ndiye za likodzozo ndimuuza usiku uno. Anamwino, nanga atafuna kudzabereka, mankhwalawa salepheretsa?

Namwino:
Ambiri amabereka bwinobwino. Kungoti awauziretu adokotala asanasankhe mankhwala, chifukwa ena, monga teriflunomide, saloledwa kwa woyembekezera.