Mabuku a mbiri ya anthu oyenera mwana wa zaka 11 wokonda magemu

Nachisale:
Moni nonse. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 11, ali mu Sitandade 6, ndipo akangogwira foni ndi Minecraft basi. Chingerezi amawerenga bwino, koma buku la nthano salimaliza. Ndikufuna kumugulira mabuku a mbiri ya anthu enieni, makamaka amene anapanga magemu. Ndiyambire pati, nanga ndi ati oti ndiwapewe pa msinkhu wakewu?

Gondwe_Mphunzitsi:
Mayi, yambani ndi buku laling'ono loti alimalize m'sabata imodzi, chifukwa mwana amene samaliza mabuku mukamupatsa lalikulu amagwa ulesi pa mutu wachiwiri. What Is Nintendo? la Gina Shaw lili ndi masamba opitirira pang'ono 100, zithunzi n'zambiri, ndipo analembera ana a zaka 8 mpaka 12. Adzadabwa kumva kuti kampani ya magemu ya Nintendo inayamba mu 1889 ku Kyoto, ku Japan, ikupanga makadi osewerera otchedwa hanafuda.

Akalimaliza, mufufuzireni za anthu awiri a kampaniyi. Gunpei Yokoi analembedwa ntchito mu 1965 kuti azikonza makina opangira makadi aja. Kachidole kamene anapanga pocheza, kadzanja kotalikitsika kotolera zinthu, n'kamene kanamusamutsira kopanga zoseweretsa, mpaka anadzatulutsa Game Boy, kamakina ka m'manja kosewerera magemu, mu 1989. Shigeru Miyamoto anakulira ku Sonobe akulowa m'mapanga ndi m'nkhalango, ndipo zimenezo zinabala gemu ya The Legend of Zelda mu 1986.

Musanalipire buku lililonse, mwanayo awerenge tsamba limodzi lapakati mokweza, azipinda chala pa liwu lililonse limene lamukanika. Zala zikakwana 5 tsamba lisanathe, bukulo lamukulira.

Mbewe_Kompyuta:
Pamene makolo ambiri amapunthwa ndi pachikuto. Mabuku ambiri a mbiri ya opanga magemu analembera akuluakulu, ngakhale kunja kwake kumaoneka ngati kwa ana. Masters of Doom la David Kushner, la 2003, ndi lokoma zedi, koma muli kutukwana kwambiri ndipo magemu ake ndi owomberana. Lidikire mpaka afike Fomu 3 kapena 4. Mbiri ya Markus Persson, amene anayambitsa Minecraft mu 2009 n'kuigulitsa ku Microsoft mu 2014, ndi imene mwanayo angaithamangire, koma muli nkhani ya bambo ake amene anavutika ndi mankhwala ozunguza bongo n'kudzipha. Yambani mwaiwerenga inuyo, a Nachisale, kenako muone zoti mumufotokozere.

Buku la Ask Iwata ndi laukhondo. Satoru Iwata ankalemba timagemu pa kakyuleta ali ku sekondale, ndipo anadzakhala pulezidenti wa Nintendo mu 2002. Kungoti pakati pa bukuli pali zambiri za kayendetsedwe ka kampani, mwana adzayasamula. Muwerengereni mutu woyamba, enawo adzawapeza akakula.

Musaiwale Jerry Lawson, injiniya wachikuda wa ku New York amene anatsogolera gulu lopanga Fairchild Channel F mu 1976, makina oyamba a m'nyumba ogwiritsa ntchito kaseti ya gemu yoti uchotse n'kuikamo ina. Nkhani zake zazifupi zilipo pa intaneti.

NaJere:
Mwana wa Minecraft chimene amakonda ndi kutola zipangizo n'kumanga, ndiye musamangike pa opanga magemu okha. Mupatseni The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer. Samalani pogula, lilipo mitundu itatu. La 2009 ndi la akuluakulu, la 2012 ndi la zithunzi la ana ang'onoang'ono, ndipo loyenera iyeyu ndi la 2015 lolembedwa Young Readers Edition.

William ndi wa kwa Wimbe ku Kasungu. Anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakabwereka mabuku ku kalaibulale ka kusukulu ya pulaimale. Makina ake amphepo opanga magetsi anawapanga ndi fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki owawamba pamoto n'kuwaphwatalitsa, chimango cha njinga, dayinamo ndi mitengo ya bulugamu. Mitu ya njala ndi yolemera, makamaka pamene galu wake Khamba akufa, choncho imeneyo muwerengere limodzi. Filimu yake ya 2019 adzaione atamaliza buku. Akayamba ndi filimu, bukulo salitsegulanso.

Gondwe_Mphunzitsi:
Zoona, a NaJere. Chomwe ndingaonjezere, musamuuze kuti "ukawerenga mutu umodzi ndikupatsa foni", apo buku limasanduka chilango. Mphindi 15 madzulo zikwanira, ndipo Loweruka muikireni pa kompyuta Scratch, pulogalamu yopangira magemu polumikiza mabuloko a malamulo. Ndi yaulere, anapangira ana a zaka 8 mpaka 16 ku yunivesite ya MIT ku America, ndipo ilipo yoti mukaidawunilodi kamodzi imagwira popanda bando. Ayambe ndi gemu ya mpira umodzi ndi kathabwa kowubweza. Mpira ukamangodutsa kathabwako, nthawi zambiri amakhala kuti waika lamulo loona kugundana kunja kwa buloko ya forever, imene imabwereza malamulo kosaleka, ndiye kompyuta imangoyang'ana kamodzi kokha gemu ikamayamba.