Mbumba ya Nabanda: za ulendo wa ku Mkaika

Lachitatu

Mayi a Chisomo, 18:42
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ija tinaisiyira panjira tsiku lomanga chiliza cha agogo aamuna. Agogo andifunsanso lero kuti kodi ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa ku Katete m'dziko la Zambia, tipita chaka chino, kapena tikudikira kuti miyendo iwakaniretu. Mwambo wa Achewa wa Kulamba umachitika kumeneko Loweruka lomaliza la Ogasiti, ndiye nthawi yomangoti "tiona" yatha.

Mayi a Chisomo, 18:45
Ndayankhula ndi bambo wina wa ku Chipata amene amaperekeza alendo. Akuti akhoza kutidikira ndi minibasi tsidya la Zambia pa Mwami, kutitengera ku Katete, kukhala nafe tsiku lonse ndi kutibwezanso pa boda madzulo. Mtengo wake ndi wa galimoto yonse, osati pa mutu. Ndisanamuyankhe ndati ndimve kaye kwa inu.

Atsibweni, 18:58
Taswera mwanawe. Nkhaniyi yandikondweretsa. Koma wotiperekezayo ndi wa chiyani? Ku Katete amayankhula Chichewa ngati ifeyo. Tingasochere pakati pa abale athu?

Bambo a Tadala, 19:03
Atsibweni, ine njira ya ku Chipata ndimayenda pafupipafupi pokatenga katundu ku msika wa Kapata, ndiye ndiyankhulepo. Kusochera ayi, msewu ndi umodzi, watala mpaka ku Katete. Chovuta ndi galimoto. Mukati muwoloke ndi minibasi ya nambala ya kuno, pafunika blue book, kalata ya mwini galimoto ngati woyendetsa si mwini wake, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti galimoto si yobedwa, inshuwalansi ya COMESA ija amati yellow card, kenako chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndi misonkho ya tsidya lija. Zonsezo chifukwa cha tsiku limodzi. Tikawoloka ndi miyendo n'kukwera ya nambala ya ku Zambia, mutu sutipweteka.

Bambo a Tadala, 19:05
Komanso tsiku limenelo si ife tokha. Mabasi a ku Lilongwe, Dedza, Kasungu, Dowa, onse amadutsa pomwepo. Woti akudziwa poimika galimoto ndi polowera anthu okalamba ndi wofunika.

Atsibweni, 19:09
Apo mwanena zomveka alamu. Safunsa anadya phula. Pitirizani.

Chikondi, 19:14
Ine ndifunse nawo. Poti tawoloka kale, bwanji tikaonenso nyama ku Mfuwe? Anzanga akuti ku South Luangwa kuli akadyansonga, kuno ku Kasungu National Park kulibe.

Amayi aang'ono a ku Area 25, 19:20
Chikondi mwanangu, ku Mfuwe ndi njira ina, ku Katete ndi njira ina. Pa Chipata zimasiyana. Ku Mfuwe kokha ndi makilomita oposa 100 kuchoka pa Chipata, ndipo nyama amaonera m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, ndiye pafunika kugona komweko. Umenewo ndi ulendo wa achinyamata, mudzaukonze panokha. Uno ndi wa agogo.

Chikondi, 19:21
Ndamva amayi.

Mayi a Chisomo, 19:30
Chimene chikundikhudza ine ndi ichi. Ana athu tapita nawo ku nyanja ku Salima, ulendo woposa makilomita 200, koma ku Zambia sanapondeko. Chonsecho kuchoka pa boma la Mchinji pano kufika pa boda ndi makilomita 12 okha, Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo kuchoka pa Chipata kufika ku Katete ndi pafupifupi makilomita 90. Tsidya lija timangolidziwa ngati kogula zitenje ndi feteleza. M'kalasi mwanga ndikafunsa kuti Kalonga Gawa Undi amakhala kuti, ana ambiri amati ku Lilongwe. Awa ndi ana a Achewa, a kwa Mkanda ndi kwa Mavwere konkuno.

Achimwene a ku Johannesburg, 20:11
Moni nonse, ndangoweruka kumene. Ine sindikwanitsa kubwera, tchuthi ndinatenga kale nthawi ya chiliza. Koma gawo la agogo ndi la amene adzawagwire dzanja ndilipira ine. Achemwali mundiuze mtengo wonse mwa ndalama ya ku Zambia, ndiwerengere kuno.

Atsibweni, 20:14
Ambuye akudalitse mphwanga.

Bambo a Mphatso, 20:32
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinene poyera kuti pasadzakhale kunong'onezana. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo mukudziwa mmene mpingo wathu wa CCAP umaonera za gule. Sindikuletsa aliyense, agogo ayenera kupita ndithu. Koma ine kukhala pa bwalo zilombo zikuvina, mtima wanga sundilola, ndipo sindikudziwa ngati Mphatso ndingamulole.

Amayi aang'ono a ku Area 25, 20:40
Alamu, zikomo kuti mwanena. Ine ndinapitako nthawi ina ndi anzanga a kuntchito. Gule Wamkulu aliko ndithu, wochuluka, wa m'maiko atatu, sindikubisirani. Koma mutu wa mwambo si gule. Mutu wake ndi mafumu a Achewa a kuno, a ku Mozambique ndi a ku Zambia kubwera pamaso pa Kalonga, dziko ndi dziko, kudzapereka ulemu ndi mphatso ndi kufotokoza mmene anthu awo akukhalira, kaya ndi njala, matenda kapena mikangano. Pamatulukanso anamwali, pamakhala magule a amayi. Ine chimene chinandigwira mtima ndi kumva munthu wa ku Angonia ndi wa ku Chadiza akupatsana moni ndi wa ku Dowa popanda womasulira.

Atsibweni, 20:52
Ndionjezerepo. Mwambowu atsamunda anauletsa mu 1934, ndipo unakhala chete zaka 50 mpaka unayambiranso mu 1984. Mayi awo a agogo anu anamwalira usanayambirenso. Iwo anachokera kwa Kawaza, ku Katete komweko, anabwera kuno akali mtsikana potsata malume awo, ndipo sanabwererenso kwawo. Malire amenewa anadula pakati pa mbumba. Uko ku Chipata kunali Fort Jameson, kuno ku Mchinji Fort Manning, azungu awiri, koma anthu ake amodzi. N'chifukwa chake mayi anga akulimbikira. Sakufuna kukaona gule, gule amamuona kuno chaka ndi chaka. Akufuna akaponde kwawo kwa mayi awo.

Atsibweni, 20:55
Ndipo alamu musaone ngati ndi zobisika. Mu 2005 a UNESCO anaika Gule Wamkulu pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa, ndipo mu 2007 ku Mkaika kunakhala apulezidenti atatu pamodzi, a Bingu wa Mutharika, a Levy Mwanawasa ndi a Armando Guebuza. Komabe chikumbumtima ndi chanu, sitingakukokeni.

Bambo a Mphatso, 21:10
Ndamva atsibweni, ndipo za kwa Kawaza sindinkazidziwa bwino. Mundilole ndigone nayo nkhaniyi.

Lachinayi

Mayi a Chisomo, 06:50
Mwadzuka bwanji. Ndinawerengera agogo mauthenga onse usiku. Ayankha okha, mverani.

Agogo Nabanda, 06:52, uthenga wa mawu wolembedwa ndi Chikondi kuti a netiweki yovuta awerenge
Ana anga, ndamva zonse. Bambo a Mphatso, inu ndinu mkamwini wabwino, musadzikakamize. Koma bwerani mudzandiperekeze panjira, pa bwalopo mukhoza kukhala patali. Ine ndikufuna ndikafunse ngati kuli wina wa kwa Kawaza wokumbuka mbumba ya mayi anga. Mayi ankatchula mayina a azichemwali awo awiri, ndikuwakumbuka mpaka lero. Ndikapeza ngakhale mdzukulu mmodzi, ndikhuta. Mundigulire shuga ndi sopo zoti ndikapereke, munthu sapita kwa abale manja ali m'khosi.

Bambo a Mphatso, 07:15
Agogo, ndibwera. Ine ndi Mphatso tidzakhala ku galimoto nthawi ya gule. Ndipo ndili ndi pempho kwa wotiperekezayo. Panjira ya ku Katete pali Madzimoyo, mishoni yakale ya a Dutch. Amishoni a mpingo womwewo wa Dutch umene unayambitsa Mvera mu 1889 ndi amene anakatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, ndipo mpingo wa Reformed Church in Zambia unachokera pamenepo. Ndi abale athu a Nkhoma Synod. Tikanaima pa Madzimoyo ngakhale mphindi 20 pobwerera, Mphatso akanaona kuti nawonso mpingo unadutsa malire omwewa.

Mayi a Chisomo, 07:22
Izi ndiye zabwino alamu. Ndimufunsa lero. Pali anthu ena omuuza kuti aimenso pa Mtenguleni, pamene Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni amachitira Nc'wala mu Febuluwale, chifukwa ndi msewu womwewo. Mayi a Tadala ana anu ndi a kwa Mlonyeni ku chimuna, mwina angafune kuonapo.

Bambo a Tadala, 07:31
Kungoima pang'ono kujambulitsa basi, mu Ogasiti pamakhala zii. Tikafuna Nc'wala yeniyeni tidzapite mwezi wake, ndidzakutsogolerani ndine. Tisachulutse poima, tsiku ndi limodzi ndipo tili ndi okalamba.

Amayi aang'ono a ku Area 25, 07:48
Pa za okalambapo ndiyankhule ngati namwino. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, m'mawa kumazizira koma masana dzuwa limaswa mtengo, ndipo mwambo umatenga maola ambiri. Agogo atenge mankhwala awo a BP a masiku atatu, osati a tsiku limodzi, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Mpando wopinda, ambulera, juzi, madzi akumwa okwanira aliyense. Adye asananyamuke. Wotiperekezayo mumufunse mwachindunji ngati galimoto ingafike pafupi ndi bwalo, chifukwa pobwera anthu ambiri magalimoto amaimikidwa kutali ndipo agogo sangayende mtunda umenewo m'chigulu. Akayankha mozungulira, tifune wina. Chabwino n'chakuti ku Katete kuli chipatala chachikulu cha St Francis, sitili kutchire.

Mayi a Chisomo, 07:55
Ndalemba mafunso onse. Ndimufunsanso ngati akudziwa nduna ya kwa Kawaza yoti ingalandire agogo, chifukwa ifeyo patokha sitingangofika kwa mfumu tsiku lotanganidwa ngati limenelo. Pamenepa ndi pamene ndalama yathu igwire ntchito.

Atsibweni, 08:10
Ndiye musamupatse ndalama yonse nthawi imodzi. Theka poyamba, theka potitula pa Mwami madzulo. Ndipo alamu a Tadala akamuone maso ndi maso ku Chipata, aone ndi galimoto yake yomwe, matayala ndi mapepala.

Bambo a Tadala, 08:16
Ndipita Lolemba, ndikamuona. Tsopano za mapepala athu. Mmalawi safunika viza ku Zambia. Amene muli ndi pasipoti onani tsiku lothera lero lomwe, musadzaone muli pa mzere. Amene mulibe, nditumizireni mayina kumbali, Lolemba lomwelo ndikalowa ku ofesi ya Immigration pa boda ndikawafotokozere kuti tikupita mpaka ku Katete, atiuze okha chikalata choyenera aliyense, makamaka ana. Tisamvere za anyamata a panja paja. Chitupa cha unzika aliyense atenge. Kuyambira pamene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula nyumba yatsopano ya pa boda ija mu Disembala 2022, mbali zonse ziwiri zimadindira malo amodzi, ndiye sizichedwa ngati kale, bola tifike mabasi asanachuluke.

Chikondi, 08:24
Nanga ndalama? Kwacha yathu sigwira uko?

Bambo a Tadala, 08:29
Dzina lokha ndi limodzi, mphamvu zake n'zosiyana kutali. Ya uko ndi yolemera, makamaka chichotsereni maziro atatu mu 2013. Ukamva mtengo wa botolo la madzi usathamangire kuti n'zotchipa, uyambe wawerengera mwa kwathu. Aliyense asasinthe payekha pa boda, anthu amapusitsidwa powerenga. Tisonkhe, ndisinthe ine kamodzi pamalo ovomerezeka. Chakudya tiphike kuno, mpunga ndi nkhuku, uko tizingogula zakumwa.

Amayi aang'ono a ku Area 25, 08:35
Mafoninso mukumbuke. Mukangowoloka, mayunitsi amatha ngati madzi m'dengu. Alamu ali ndi simu ya uko, nambala yawo aliyense ailembe pa pepala, ana tiwaike m'thumba. Chigulu cha ku Mkaika mwana akakutayika simungamupeze pokuwa.

Achimwene a ku Johannesburg, 09:02
Chikondi, ntchito yako ndi kujambula. Makamaka agogo akamayankhula ndi a kwa Kawaza, ujambule mawu onse, mayina aja asatitayikenso. Ndikutumizira ya memory card.

Chikondi, 09:04
Chabwino achimwene. Ndiyamba lero lomwe, ndiwafunsa agogo mayinawo ndilembe.

Mayi a Chisomo, 12:40
Ndamuyimbira pa nthawi yopuma. Minibasi ndi ya anthu 15. Pa Madzimoyo wavomera. Za galimoto kufika pafupi akuti zimatheka tikafika m'mawa kwambiri, ndiye akufuna tikhale titawoloka 5 koloko isanakwane. Za nduna akuti atiyankha Lolemba pamaso pa alamu. Pakadali pano ndili ndi mayina 11: agogo, atsibweni, ine ndi Chisomo, amayi aang'ono, bambo ndi mayi a Tadala ndi Tadala, bambo a Mphatso ndi Mphatso, Chikondi. Malo anayi atsala. A ku Kapiri ndi a ku Waliranji simunayankhe, ndikudikira mpaka Lamlungu.

Atsibweni, 12:58
A ku Kapiri netiweki imawavuta, ndiwayimbira ndine. Amene muli kutali mudzagone pa boma Lachisanu kwa mayi a Chisomo, sitidzadikira munthu wochokera ku Kamwendo m'bandakucha. Ine Lamlungu ndikatuluka ku tchalitchi ndikadziwitsa a nyakwawa kuti mbumba ikupita ku Mkaika, mwina angatipatse mawu okapereka.

Mayi a Tadala, 13:06
Nanga chitenje? Tivale chofanana kuti tizionana patali. Bambo a Tadala akatenge ku Kapata Lolemba. Amayi nditumizireni kuchuluka kwa mapisi, abambo muyezetse mashati kwa telala wa pamsika sabata ino, Ogasiti akayandikira amachulukidwa.

Mayi a Chisomo, 13:09
Zopereka zonse pa Airtel Money kapena Mpamba yanga, mukatumiza mulembe pano. Mtengo wa pa mutu ndiulengeza Lolemba madzulo alamu akabwera. Shuga ndi sopo za agogo ndagula kale.