Za chilonda cha mlongo wanga chija, nazi zomwe tamva

Abale, ndinafunsa ngati chilonda cha pa khutu la mlongo wanga wachialubino kuno ku Ulongwe chingachire ndi kuwala, popanda mpeni. Zikomo nonse amene munati tithamangire kuchipatala. Tapita ku Tete, ndipo adokotala atifotokozera bwino.

Njirayo ilipodi pochiza khansa ya pakhungu, dzina lake photodynamic therapy. Amapaka mankhwala otchedwa ALA pachilonda n'kuphimba pafupifupi maola 3. Maselo a khansa amawasandutsa chinthu chotchedwa protoporphyrin IX, chomwe chimaunjikana mwa iwo kuposa m'khungu labwino. Akawalitsapo nyali yabuluu mumdima, pamene pali matenda pamaoneka pofiirira, motero dokotala amaona malire ake, ngakhale mbali zimene maso sakanaona. Kenako amawalitsa nyali yofiira, mankhwala aja n'kupha maselowo. Akuti pamawotcha ndithu.

Vuto ndi kuya. Kuwalako sikulowa patali, choncho kumathandiza zotupa zapamwamba, zosapitirira mamilimita 2. N'chifukwa chake kumene kuli zipangizo amayamba ajambula ndi makina oonera mkati mwa khungu, ultrasound kapena OCT, kuti ayeze kukhuthala kwa chotupa.

Cha mlongo wanga chalowa mkati, m'mphepete mwake mwauma gwa. Adula kachidutswa kukayeza, ndipo akuti chofunika ndi opaleshoni basi. Ine ndinakhumudwa, koma kuwalitsa pamwamba mizu ili pansi n'kutaya nthawi. Timawanga tokhakhala ta pamphumi akuti n'tosavuta, aumitsa timawangato ndi mankhwala ozizira kwambiri tsiku la opaleshoni lomwelo.